Nyumba Zakale za ku Zomba

Patsinde pa phiri la Zomba, kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, pali nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja ziwiri zosongoka. Anthu amaicha Masongola. Pakati pa nyumba za boma za m'Malawi imeneyi ndiyo nkhalamba, pakuti anayamba kuimanga m'caka ca 1886, dzikoli lisanalowe m'manja mwa Angelezi.

Woyang'anira nchitoyo anali John Buchanan, munthu wa ku Scotland, amene poyamba anali wolima m'munda wa Mishoni ya Blantyre, ndipo pambuyo pace anakhazikika ku Zomba nabzala khofi ndi nzimbe. Anamangira Hawes, kazembe wa Mfumukazi Victoria. Tsono pofika Harry Johnston m'caka ca 1891 kudzakhazika boma, anaikonda nyumbayo nakhalamo, nasankha Zomba kuti ikhale likulu. Pafupi pace Alexander Whyte anatsegula munda woyeseramo mitengo ndi mbeu zacilendo, ndipo mundawo ulipobe.

Mabuku achula maina a azungu amenewa, koma sachula amene anaponda dothi, naumba njerwa, naziocha, nasenza matabwa pamutu. Komatu nyumba siimangidwa ndi dzina. Cifukwa cace alakwa iwo amene amati, izi nza atsamunda, zingogwa. Anakhalamo ndi atsamunda ndithu, koma thukuta linali la eni dziko.

Palinso cifukwa cina cosungira nyumba zotere. M'caka ca 1919 moto unatentha maofesi akuru a boma ku Zomba komweko, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za boma anasanduka phulusa. Pepala silicedwa kupsa. Cotero zina zimene makalatawo akadanena, lero zioneka pa zipupa zokha: kumene bwanamkubwa anagona, kumene akalaliki analembera, ndiponso m'mene nyumba za azungu zinakhalira kumtunda kozizira, pamene anchito ao anali kumunsi.

Nyumba imene mbiri yace iposa zonse ndiyo Nyumba ya Malamulo yakale. Bwalo lopanga malamulo linayamba kukumana ku Zomba m'caka ca 1908, koma munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi kufikira 1949. M'caka ca 1956 munalowa anyamata awiri olimba mtima, Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene anatsutsa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland pamaso pa bwanamkubwa, osaopa. Ufulu unadza pa 6 July 1964. Koma itangopita miyezi iwiri, pa 8 ndi 9 September, aphungu anakangana kolimba m'Nyumba ya Malamulo za kusamvana kwa Dr. Banda ndi nduna zace, ndipo nduna zingapo zinathawira kunja kwa dziko. Zonsezi zinacitika m'tauni yaing'ono imene munthu angathe kuiyenda pansi m'mawa umodzi.

Kufupi ndi kampu ya asilikari kuli nsanja yokumbukira asilikari a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918.

Likulu linasamukira ku Lilongwe m'caka ca 1975, ndipo aphungu analeka kukumana ku Zomba mu 1994. Ambiri anadandaula kuti tauni yafa. Koma mwina kusamukako ndiko kunapulumutsa nyumba zakale, popeza panalibenso wofuna kuzigwetsa kuti amangepo maofesi atali. Masongola inakhala nyumba yogonamo alendo a boma, kenaka inasanduka hotela. Zina zinatengedwa ndi maofesi ndi masukulu.

Lamulo lilipo loletsa munthu kugwetsa kapena kusintha nyumba yotetezedwa popanda cilolezo ca boma. Koma ciswe sicidziwa lamulo. Ku Zomba mvula imagwa yambiri, ndipo lata limodzi likaboola, madzi amawoletsa phaso, pulasitala nayamba kugumuka. Nyumba yokhalamo anthu imapeza woika beseni pansi ndi kukaitana mmisiri. Yotsekedwa ndiyo imene mkuyu umamera pacipupa pace, mizu ndi kulowa pakati pa njerwa.