Tulo ta Ana a m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Ulimi wa tiyi unafika ku Thyolo cha m'ma 1908, utayambira ku Mulanje mu 1891. Antchito ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankakhala pamalo a atsamunda n'kumalipira ndi thangata. Iwo ankabwera ndi mabanja awo, ndipo ana ankalowa nawo m'munda.

Wolemba mbiri Wiseman Chijere Chirwa anafotokoza mu 1993 momwe minda ya Nyasaland inkadalira ana ndi achinyamata kuyambira mu 1890 mpaka 1953, chifukwa malipiro awo anali ochepa. Tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, nyengo yomwenso akuluakulu amatanganidwa ndi minda yawo. Choncho nthawi yodzuka ya mwana inkatengera ntchito ya pa esiteti, osati zofuna za thupi lake.

Malamulo anasintha pang'onopang'ono. Thangata anatha m'zaka za m'ma 1960. Maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994. Mu 1999 Malawi inavomereza mapangano a ILO oletsa kugwiritsa ana ntchito, ndipo lamulo la ntchito la mu 2000 linaletsa kulemba mwana wosafika zaka 14. Ana ambiri anachoka m'mizere ya tiyi n'kulowa m'kalasi, koma kulawirira sikunathe. Lero mtsikana amatunga madzi, kusesa ndi kuphikira azing'ono ake mayi atapita kothyola tiyi, kenako n'kuyenda mtunda kuti belu la 7:30 limupeze pasukulu.

Kafukufuku wa tulo anabwera mochedwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Mary Carskadon wa ku America anapeza kuti mwana akamakula, kufunika kwa tulo sikutsika: achinyamata amafunabe maola pafupifupi 9. Mu 1993 anasonyezanso kuti munthu akatha msinkhu, tulo timamugwira mochedwa. Izi zimachitika chifukwa thupi limachedwa kutulutsa melatonin, mchere wam'thupi woitana tulo. Mu 2016 bungwe la American Academy of Sleep Medicine linalangiza maola 9 mpaka 12 kwa ana a zaka 6 mpaka 12, ndi maola 8 mpaka 10 kwa a zaka 13 mpaka 18.

Tiwerengetsere pamodzi. Mtsikana wa zaka 15 wodzuka 4:30 m'mawa ayenera kukhala atagona pofika 8:30 usiku kuti akwanitse maola 8. Imeneyi ndi nthawi yomwe thupi lake lisanafune tulo. Akamasinza m'kalasi timati ndi waulesi, chonsecho kuperewera kwa tulo kumafooketsa kukumbukira ndipo kumayendera limodzi ndi kukhumudwa komanso ngozi.

Ku Thyolo kulinso mbali ina. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito m'bomali mu 1997, ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003, kotero ana ambiri obadwa ndi HIV akula bwino. Mankhwala a efavirenz amabweretsa maloto oopsa kwa ena, ndipo dolutegravir, amene Malawi inayamba kugwiritsa ntchito kwambiri mu 2019, amasowetsa tulo anthu ena. Wachinyamata wosagona akhoza kusiya mankhwala osauza munthu.

Choncho alangizi a zaumoyo ndi odzipereka, mukakumana ndi wachinyamata, mufunseni kuti amagona nthawi yanji, amadzuka nthawi yanji, ndipo chimamudzutsa n'chiyani. Ngati ali ntchito zam'mawa, kambiranani ndi makolo kuti zina zizigwiridwa madzulo ndiponso zigawidwe kwa anyamata ndi atsikana mofanana. Ngati ali mankhwala, asasiye kumwa, koma mumutumize kuchipatala msanga.