DISO LIMENE LINATSALA PA MWEZI

Pa mwezi, pa dziko la zitunda limene anzeru a nyenyezi analicha Descartes, paimirira makina ang'ono a miyendo itatu, okutidwa ndi golidi, amene palibe munthu anawakhudza ciyambire mwezi wa April 1972. Makinawa ndi kamera, koma si kamera yonga ija yojambulira zithunzi za ukwati ai. Inapangidwa kuti ione mtundu wa kuunika umene diso la munthu silingathe kuuona. Nkhani ya lero ikamba za kamera imeneyi, za munthu amene anaipanga, ndi za amisiri amene anamlambulira njira pa nchito yobvuta yopanga maso a makina.

Ali yense amene anayang'anitsitsa utawaleza adziwa kuti mitundu yace imandandalikana: mbali yina kuli kufiira, ndipo mbali yinayo kuli mtundu wonga wa maluwa a jakaranda. M'caka ca 1801 munthu wa ku Germany, dzina lace Johann Ritter, anafuna kudziwa ngati kuunika kumathera pomwepo. Anagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi la ngondya zitatu, naika pepala lonyika m'mankhwala a siliva amene amada akaombedwa ndi dzuwa. Pepalalo linada msanga koposa pa malo a kuseri kwa mtundu wotsiriza uja, pamene maso ace sanaone kanthu. Kuunika kobisika kumeneku ndiko kumene kuchedwa ultraviolet.

Nyenyezi zotentha kwambiri zimaturutsa kuunika kwa mtundu umenewu kocuruka, ndipo mpweya wa haidirojeni, umene uli wambiri kuposa cinthu cina ciri conse m'thambo, umadziwika bwino ndi kuunika komweku. Koma mpweya wokuta dziko lapansi, makamaka ozoni ndi okosijeni, umameza gawo lalikuru la kuunikako kusanafike pansi. Kwa anthu, ziweto ndi mbeu cimeneci ndi cifundo, pakuti kukadafika konse kukadapsereza zamoyo. Kwa ophunzira za nyenyezi cinali cotsekereza. Anali ndi mabvuto awiri: kukweza makina ao pamwamba pa mpweya, ndi kupeza diso lotha kugwira kuwala kocepetsetsa m'kanthawi kocepa.

Mfungulo ya bvuto laciwiri inaoneka m'caka ca 1887, pamene Heinrich Hertz anazindikira kuti moto wa magetsi ulumpha mosabvuta pakati pa zitsulo ziwiri ngati kuunika kwa ultraviolet kukuomba pa zitsulozo. Albert Einstein anamasulira cinsinsici m'caka ca 1905. Iye anati kuunika kumafika m'timadontho, monga mvula, ndipo kadontho kali konse, kamene lero kachedwa fotoni, kangathe kugumula m'citsulo kambeu kamodzi ka magetsi kochedwa elekitironi. Phindu lace ndi ili: fotoni siingakokedwe ndi magetsi, koma elekitironi ingakokedwe, ingathamangitsidwe, ndiponso ingaongoledwe ndi maginito. Filimu wa kamera ali ngati ukonde wa maso akuru, pakuti mwa mafotoni 100 amagwirapo cifupi-fupi imodzi yokha. Khungu la mankhwala logumula maelekitironi lingagwire 10 kapena kuposerapo.

M'zaka za m'ma 1930 amisiri a maiko angapo anayamba kumanga makina pa nzeru imeneyi. Ena anapanga botolo lagalasi lokhala ndi timbale tacitsulo tondondozana. Elekitironi imodzi ikagunda mbale yoyamba igumula zinzace zingapo, zimenezo zigunda mbale yaciwiri ndi kugumula zina, ndipo pofika pa mbale yacikhumi zakwana cifupi-fupi miliyoni, monga mwala umodzi wogubuduzika pa phiri utsika ndi miyala yambiri. Ku Holland, m'caka ca 1934, Gilles Holst ndi anzace a kampani ya Philips anapanga botolo losandutsa cithunzi cosaoneka kuti cioneke pa galasi. Ku Paris, André Lallemand anaika mbale yojambulira m'kati mwa botolo momwemo, kuti maelekitironi alembe okha cithunzi. Kamera yace inali yakuthwa maso, koma inali ndi cilema cacikuru: pofuna kuturutsa cithunzi anayenera kutsegula botolo, ndipo mpweya ukalowa khungu la mankhwala lija linali kufa, kotero kuti pa nchito yotsatira panafunika latsopano.

Apa mpamene paonekera kubvuta kwa umisiri umenewu. Mmisiri wa galasi aumba botolo ndi kulowetsamo nthambo zacitsulo mosasiya kampata ngakhale kamodzi. Kenaka mpweya wonse upopedwa kuturuka, ndipo botololo liochedwa m'ng'anjo kwa maola ambiri kuti cinyezi cobisala m'galasi cicoke. Pambuyo pace atenthetsa zitsulo monga antimoni ndi siziyamu kufikira zisanduke nthunzi, ndipo nthunziyo imamatira pa galasi, nipanga khungu lopyapyala kuposa utsi wa nyali pa cimbudzi ca galasi lace. Siziyamu siigwirizana ndi mpweya ngakhale pang'ono. Cidindo ca cala cimodzi, kapena kapfumbi kamodzi, cikwanira kuononga nchito ya masabata, ndico cifukwa cace anchito a m'nyumba zimenezi amabvala zoyera zokuta tsitsi, manja ndi mapazi. Botolo lopita m'thambo liri ndi mayeso ena: aligwedeza kolimba monga lidzagwedezekera mu roketi, alitenthetsa ndi kuliziziritsa, pakuti likafa liri kumwamba palibe wokalikonza.

Bvuto loyamba lija, lokwera pamwamba pa mpweya, linatha ndi cida ca nkhondo. Itatha Nkhondo Yaikuru Yaciwiri, Amereka anatenga maroketi a Germany ochedwa V-2 napita nao ku cipululu ca White Sands, m'cigawo ca New Mexico. Pa 10 October 1946 gulu la Richard Tousey, la ku Naval Research Laboratory ya ku Washington, linakweza makina ao pa roketi yotere, najambula kwa nthawi yoyamba kuunika kwa ultraviolet kwa dzuwa kumene ozoni amatsekereza.

Pa nthawiyo George Carruthers, Mwamereka wakuda wobadwira ku Cincinnati pa 1 October 1939, anali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Atakwanitsa zaka 10 anadzipangira telesikopu ndi mpukutu wa katoni ndi mandala oitanitsa pa positi. Atate wace, amene anali injiniya, anamwalira iye ali ndi zaka 12, ndipo amai ace anasamukira ndi ana ku Chicago, kumene anagwira nchito ku positi. Mnyamatayo anaphunzira pa University of Illinois kufikira analandira digiri ya udokotala wa uinjiniya m'caka ca 1964, caka comwe dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa tsankho la khungu pa nchito ndi pa malo a anthu onse. Caka comweco analowa nchito ku Naval Research Laboratory, ndipo anakhala komweko zaka zoposa makumi atatu.

Dr. Carruthers anatenga nzeru ya Lallemand naicotsa cilema cace. M'malo mwa khungu lofa ndi mpweya, anagwiritsa nchito khungu la mankhwala a mtundu wa mcere. Khungu lotere silimva kuunika wamba, limangomva ultraviolet wa patali yekha, ndiponso mpweya wouma suliononga. Mdani wace ndi cinyezi, pakuti mcere umakoka madzi, monga adziwira mai ali yense pa nyengo ya dzinja, cotero liyenera kusungidwa pouma. Anaonanso kuti kumwamba sikufunika botolo lotseka, popeza thambo lenilenilo liribe mpweya. M'kamera yace, kalirole wokumbika asonkhanitsa kuunika pa khungu la mcere. Maelekitironi ogumuka akokedwa ndi magetsi a mavoti zikwi zambiri. Maginito awaongola kuti asamwazike. Ndipo agunda filimu mwamphamvu, nasiyapo cizindikiro. Boma la America linalemba makinawa m'dzina lace pa 11 November 1969.

Mayeso akuru anafika m'caka ca 1970. Ciyambire 1951 anzeru anali kumva haidirojeni wa m'thambo ndi makina a wailesi, koma uyo yekha amene timbeu tace tiyenda katokha-katokha. Anali kuganiza kuti m'mitambo yozizira ya pakati pa nyenyezi timbeuto timagwirana tiwiri-tiwiri, koma haidirojeni wotere samveka pa wailesi, ndipo panalibe amene anamuona. Dr. Carruthers anakweza kamera yace pa roketi ya Aerobee ku White Sands. Roketi yotere ikhala pamwamba pa mpweya mphindi zowerengeka cabe isanagwe. M'mphindi zimenezo kamerayo inapenya nyenyezi yochedwa Xi Persei, ndipo m'kuunika kwace munaoneka mipata pa malo eni-eni amene haidirojeni wogwirana amameza. Umenewu unali umboni woyamba wakuti mpweyawo ulikodi, ndipo m'mitambo yotere ndimo mmene nyenyezi zatsopano zimabadwira.

Patapita zaka ziwiri, kamera ya mtundu womwewo inakwera combo ca Apollo 16, cimene cinanyamuka pa 16 April 1972 ndi amuna atatu: John Young, Charles Duke ndi Ken Mattingly. Dr. Carruthers anaikonza pamodzi ndi katswiri wa nyenyezi Thornton Page. Inali yolemera mapaundi 48, ndipo diso lace linali la mainci 3 cabe. Mattingly anatsala akuzungulira mwezi, ndipo anzace awiri anatsika m'kacombo kochedwa Orion. Young anaimika kamera mu mthunzi wa kacomboko kuti dzuwa lisaiombe, ndipo pa masiku atatu amene anakhalako anali kuitembenuza ndi manja kuti iloze mbali zosiyana-siyana za thambo. Mwai unali umodzi wokha. Kukadakhala kuti cinyezi cinalowa pa khungu la mcere combo cisananyamuke, kapena filimu anakodwa, palibe akadadziwa kufikira atabwerera. Pocoka, Young anasolola kabokosi ka filimu, nasiya kamera pomwepo. Anatera m'nyanja ya Pacific pa 27 April.

Filimuyo atatsukidwa munapezeka zithunzi 178. Zina zinaonetsa dziko lapansi litakutidwa ndi mtambo waukuru wa haidirojeni, wofika mamailosi zikwi makumi angapo kucokera pansi, umene anthu okhala m'kati mwace sauona. Zina zinaonetsa kuwala kwa kumalekezero a dziko, ndi mizere ya mpweya wonyezimira mbali zonse ziwiri za ikweta. Zinanso zinajambula nyenyezi zotentha za mu Large Magellanic Cloud, khamu la nyenyezi limene kuunika kwace kuyenda zaka cifupi-fupi 160,000 kuti kufike kuno. Kamera yaciwiri, imene inasungidwa ngati yapadera, inapita ku nyumba ya m'thambo yochedwa Skylab m'caka ca 1973 kukajambula nyenyezi ya mcira ya Kohoutek.

Komabe filimu afuna munthu womtenga, ndipo makina opita kutali sabwerera. Cotero amisiri anatembenukira ku cipangizo cina cimene cinayambika m'zaka za m'ma 1960, ndico kambale kagalasi kodzala ndi timauna. Kapangidwe kace nkodabwitsa. Alowetsa ndodo ya galasi losungunuka ndi asidi m'kati mwa mpope wa galasi la mtobvu, nazitenthetsa ndi kuzikoka kufikira zikhale ngati ulusi. Ulusiwo audula-dula, aumanga mtolo, naukokanso kaciwiri. Mitolo yambiri aiphatikiza pa moto, naidula timbale topyapyala monga adulira buledi. Asidi adya galasi la m'kati, ndipo patsala timauna mamiliyoni, kali konse kocepa kuposa tsitsi la munthu kasanu kapena kuposerapo. Potsiriza aocha kambaleko mu mpweya wa haidirojeni kuti makoma a timaunato athe kupititsa magetsi pang'ono. Elekitironi ikalowa m'kauna kamodzi igunda-gunda makoma, nituruka ndi zinzace zikwi. Timbale tiwiri kapena titatu tikasanjikizidwa, fotoni imodzi ingawerengedwe payokha, ndipo ciwerengeroco citumizidwa pansi pa wailesi. Telesikopu ya Hubble, imene inakwezedwa m'caka ca 1990, inaikidwa maso otere m'zaka za 1997 ndi 2009.

Dr. Carruthers anali munthu wofatsa ndi wa mau ocepa. M'zaka zace zotsiriza anadzipereka kuphunzitsa ana a sukulu ndi aphunzitsi a ku Washington za sayansi, naphunzitsanso pa Howard University. M'caka ca 2013 Pulezidenti Barack Obama anambveka mendulo ya ulemu ya dziko lace pa za umisiri. Anamwalira pa 26 December 2020, ndipo m'caka ca 2025 bungwe la NASA linakweza makina ochedwa dzina lace kuti akapenye mtambo wa haidirojeni uja umene kamera yace inajambula.

Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kucokera pa pepala la Ritter kufikira pa kamera ya pa mwezi panapita zaka 171, ndipo nchito yambiri ya zakazo inagwiridwa ndi oumba galasi ndi opopa mpweya amene maina ao sachulidwa pa wailesi. Omvera amene ali kutali ndi nyali za m'tauni angathe kudzionera okha cimodzi mwa zimene kamerayo inajambula. Usiku wopanda mwezi wa mu December kapena January, mitambo ya mvula ikang'ambika, ayang'ane cakumwera, pambali pa Mlalang'amba. Adzaona timitambo tiwiri toyera timene mphepo siitisuntha. Kakakuruko ndiko Large Magellanic Cloud.