Kugwa ndi Kutera

Ana inu, mukadzaona nkhwazi ikufika pa nthambi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, mudzayang'anitsitse. Imatambasula mapiko, nichepetsa liwiro, nitsogoza miyendo, kenaka n'kukhala phee. Pamenepo timati nkhwazi yatera. Sitinena kuti mango atera, pakuti mango alibe mphamvu yodziletsa, iwo amangogwa. Sitinenanso kuti anthu ogwira ntchito pa mgodi wa Nkana ku Kitwe atera pansi; iwo amatsika, chifukwa chingwe chimawagwira njira yonse. Chimene chimatera ndi chinthu chochokera m'mwamba popanda chochigwira, chimene chimadzichepetsera chokha liwiro, n'kufika chili chamoyo kapena chathunthu.

Ndege zitabwera, makolo athu sanavutike kufuna mawu atsopano. Anabwereka a mbalame. Koma anthu a ku Ndola amadziwa bwino kuti si ndege yonse yotsika imene imatera. Usiku wa pa 17 kuchera 18 September 1961, ndege yonyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inali kutsika kuti itere ku Ndola, kumene iye anati akakambirane ndi Moïse Tshombe za nkhondo ya ku Katanga. Inawomba mitengo nigwa m'tchire, bwalo la ndege lili pafupi. Anthu onse 16 amene anali m'menemo anafa. Mmodzi yekha ndiye anapezeka wamoyo, nayenso anamwalira patapita masiku ochepa.

M'zaka zomwezo, akatswiri a ku Soviet Union ndi ku America anali kulimbana ndi vuto la kutera pa mwezi. Kumeneko kulibe mpweya, choncho mapiko alibe ntchito, ngakhale parachuti. Chombo chiyenera kutembenuka, n'kulavula moto cha kumene chikupita kuti chidziletse. Moto ukazimitsidwa msanga, chombo chimagwa. Ukachedwa kuyatsidwa, chimagwanso.

Luna 2 inafika pa mwezi mu September 1959, koma inamenya nthaka pa liwiro la makilomita oposa 3 pa sekondi imodzi, niphwanyika. Aphunzitsi, mwana akalemba kuti Luna 2 inatera, mukonzeni. Mu 1965, Luna 5, Luna 7 ndi Luna 8 zinatumizidwa kuti zikatere, ndipo zonse zinagwa. Chombo choyamba chimene tingachinenere mawu athuwa popanda kunama ndi Luna 9, pa 3 February 1966. Ngakhale iyo sinatere mwaulemu ngati nkhwazi: inakutidwa ndi matumba a mpweya, ninjanja ngati mpira isanakhazikike. Komabe inafika yathunthu, nitumiza zithunzi. Surveyor 1 ya ku America inatera ndi miyendo yake itatu pa 2 June chaka chomwecho, ndipo pa 20 July 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera m'chombo chotchedwa Eagle, ndiye kuti chiwombankhanga.

Chingerezi chimaphatikiza mawu awiri pofuna kusiyanitsa kufika kofatsa ndi kufika kophwanyika. Ife tilibe chifukwa chochitira zimenezo, ndipo ine ndimaona kuti wolemba kuti chombo "chatera mofewa" akuwonjezera mchere m'ndiwo zokolera kale. Chenjezaninso ana kuti asasokoneze kutera ndi kuterera, kumene kumachitika pa matope nthawi ya dzinja.

Musaganize kuti vutoli linatha kalekale. Mu August 2023, Luna 25 ya ku Russia inagwa pa mwezi, ndipo patangopita masiku anayi, pa 23 August, Chandrayaan-3 ya ku India inatera. Lembani ziganizo ziwirizi pa bolodi opanda aneni, ana aikemo okha.