Chimbale

Mawu akuti chimbale anachokera ku mbale. Kale nyimbo zinkatuluka pa chinthu chakuda chozungulira, chakabowo pakati, choimbidwa ndi singano pa galamafoni. Kutabwera kaseti, kenako CD, dzinali silinasinthe, ndipo lero mnyamata woika nyimbo m'mafoni pamsika wa Mitundu kapena pa Nathenje amanenabe kuti woimba wakuti watulutsa chimbale, chikhalirecho palibe chogwirika m'manja. Tanthauzo lake tsono lagona pa kutulutsako: nyimbo zimene mwini wake wazisankha, wazikonza, n'kuzipereka kwa anthu.

Ena anganene kuti nyimbo iliyonse yojambulidwa ndi chimbale basi. Ayi ndithu. Kuyambira mu 1964, MBC inkajambula oimba pa matepi kuti iziulutsa pa wailesi, ndipo zambiri mwa nyimbozo sizinagulitsidwepo. Alan Namoko anamveka motero kwa zaka zambiri chimbale chake cha Ana Osiidwa chisanatuluke mu 1992. Nyimbo zoyeserera, zimene oimba amati demo, ndiye zili kutali zedi. Mwini amakhala asanagamule ngati ndime yachitatu ikhalemo kapena ichoke, choncho kuzitcha chimbale n'kumugamulira iye asanalankhule.