Mphoto ya José Craveirinha

Mphoto ya José Craveirinha ndi imodzi mwa mphoto zazikulu zimene zimaperekedwa kwa alembi a ku Mozambique. Idayamba m'chaka cha 2003, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la alembi a m'dzikolo, Associação dos Escritores Moçambicanos. Ndalama zake zimachokera ku kampani ya magetsi ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, yomwe likulu lake lili ku Songo m'chigawo cha Tete. Choncho madzi a Zambezi, omwe anthu a ku Degue mumzinda wa Tete amawaona akudutsa, ndi amene amalipira mphotoyi. Damu la Cahora Bassa lidamalizidwa mu 1974, ndipo dziko la Mozambique lidatenga gawo lalikulu la kampaniyo kuchokera m'manja mwa Apwitikizi mu 2007.

Mwini dzinali, José Craveirinha, adabadwira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, mu 1922. Bambo ake adali Mpwitikizi, mayi ake Mronga. Adali mtolankhani komanso mlakatuli, ndipo apolisi achinsinsi a atsamunda adamutsekera m'ndende kuyambira 1965 mpaka 1969 chifukwa chogwirizana ndi gulu lomenyera ufulu la Frelimo. Mabuku ake odziwika ndi Xigubo ndi Karingana ua Karingana. Mu 1991 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya alembi ya Camões. Adamwalirira ku Johannesburg mu 2003, chaka chomwecho chimene mphotoyi idakhazikitsidwa.

Oyamba kuilandira adali Paulina Chiziane ndi Mia Couto. Buku la Chiziane, Niketche, limafotokoza za mitala kudzera m'maso mwa mkazi wamkulu amene wazindikira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena. Onse awiri adadzalandiranso mphoto ya Camões, Couto mu 2013 ndipo Chiziane mu 2021. Ena amene adapatsidwapo ndi Ungulani Ba Ka Khosa, Lília Momplé, ndi Luís Bernardo Honwana.

Kwa ophunzira a ku Tete, dzina loyenera kulisamala kwambiri ndi la João Paulo Borges Coelho, katswiri wa mbiri yakale wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, amenenso adalandira mphotoyi. Kafukufuku wake adakhudza midzi imene anthu a m'chigawochi adasonkhanitsidwamo pa nthawi ya atsamunda ndi pambuyo pa ufulu. Buku lake loyamba la nthano, As Duas Sombras do Rio, nkhani yake imachitikira ku Zumbo pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, anthu akuthawa kuoloka mitsinje kupita ku Zambia ndi Zimbabwe. Mabanja ambiri a ku Tete angazindikiremo zimene makolo awo adaona.

Alembi onsewa amalemba m'Chipwitikizi. Apa mpamene pali kusiyana kowawa, pakuti chigawo chimene chimatulutsa ndalamazo chimayankhula Chinyungwe ndi Chinyanja. Chinyanja chidayesedwa pophunzitsira m'sukulu zina za ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo maphunziro a zinenero ziwiri adayamba kufalikira m'dziko mu 2003. Ana amene adayamba sukulu nthawi imeneyo tsopano ndi akuluakulu, ena adafika ku yunivesite, ndipo akuyenera kuona mabuku a m'zinenero zawo akulemekezedwa chimodzimodzi.