Skapulari: Mbiri ya Kansalu Kochokera pa Mkanjo wa Amonke

Pakati pa zinthu zimene Akatolika amavala m'khosi, monga kolona, mtanda ndi mendulo, pali china chimene sichionekera kawirikawiri chifukwa chimakhala m'kati mwa malaya, ndipo dzina lake ndi skapulari. Skapulari ya masiku ano ndi tinsalu tiwiri tating'ono tamakona anayi, tolumikizidwa ndi zingwe ziwiri zodutsa pamapewa, kotero kuti kansalu kena kamagwera pachifuwa pamene kanzake kamakhala kumsana. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini lakuti scapula, lotanthauza fupa la phewa. Ngakhale kuti ambiri amaiika m'gulu limodzi ndi mendulo, Mpingo umaiona ngati chovala, kapena kuti mkanjo wa chipani wochepetsedwa, ndipo munthu amene wavekedwa motsata mwambo wake amawerengedwa kuti walowa m'banja lauzimu la chipanicho ali pakhomo pake ndi pantchito yake. Liwu loti chipani pano silikunena za ndale, koma gulu la ansembe, abulazala kapena asisitere amene analumbira kukhala moyo waumphawi, wosakwatira ndi womvera, motsata lamulo la amene anayambitsa gululo.

Chiyambi cha skapulari chinalibe ulemerero uliwonse. M'zaka za m'ma 500, Benedict wa ku Nursia, amene anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Monte Cassino m'dziko la Italy, analemba lamulo la moyo wa amonke ake, ndipo m'mutu 55 wa lamulolo, umene umanena za zovala ndi nsapato, anatchula skapulari ngati chovala chogwirira ntchito. Inali ngati epuloni yoteteza mkanjo pamene mmonke ali kumunda kapena kukhitchini. M'kupita kwa nthawi inasanduka nsalu yaitali yokhala ndi chiboo cha mutu pakati, yolendewera kutsogolo ndi kumbuyo mpaka cha kumapazi, ndipo amonke anayamba kuimasulira kuti ndi goli la Khristu, lija limene Uthenga Wabwino wa Mateyo umati ndi lofewa. Zipani zina zimene zinabwera pambuyo pake, monga cha Dominic ndi cha Karimeli, zinaitenga kukhala mbali ya mkanjo wawo, mwakuti kuivula popanda chifukwa kunali kulakwira lamulo.

Kuti chovala cha amonke chifike pathupi la mlimi, mmisiri kapena mayi wa ana, panayenera kukhala anthu wamba amene ankasirira moyo wa m'nyumba za amonke koma sakanatha kusiya mabanja awo. Anthu otere anachuluka kwambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, pamene mizinda inkakula ndipo magulu a anthu olapa, ovala zosakongoletsa ndi osala zakudya masiku oikika, ankapezeka paliponse. Ulaliki wa Francis wa ku Assisi unakoka ambiri a iwo, ndipo m'chaka cha 1221 panalembedwa malangizo a moyo wa abale ndi alongo olapawa, amene Papa Nicholas IV anawalimbitsa kukhala lamulo lovomerezeka mu 1289. Apa ndi pamene panachokera dzina loti chigawo chachitatu, pakuti chigawo choyamba cha banja la Francis ndi amuna olumbira, chachiwiri ndi asisitere obindikira a Clare, ndipo chachitatu ndi akhristu eni ake, kutanthauza obatizidwa amene sanadzozedwe unsembe kapena kulowa m'chipani. A chipani cha Dominic nawo analembera anthu awo lamulo mu 1285, ndipo Catherine wa ku Siena, amene anamwalira mu 1380, ndipo amadziwika polembera apapa makalata osapsatira mawu, sanali sisitere wa m'nyumba yobindikira ayi, koma mkazi wa m'gulu lotere amene ankavala mkanjo wa chipani akukhala kwawo.

Poyamba anthu a chigawo chachitatu ankavala mkanjo wathunthu poyera, koma zimenezi zinali zovuta kwa munthu wamalonda kapena wogwira ntchito kwa mfumu, choncho mkanjowo unayamba kuvalidwa m'kati ndi kuchepa pang'onopang'ono mpaka kutsala tinsalu tiwiri tija. Panalinso njira ina yopepukirapo. Zipani zinkapereka makalata kwa anthu amene ankazithandiza ndi chuma, owatsimikizira kuti ali ndi gawo m'mapemphero, m'Misa ndi m'ntchito zabwino za chipanicho, ndipo ena mwa anthuwa ankapempha kuti akadzamwalira adzaikidwe m'manda atavekedwa mkanjo. Kuchokera mumchitidwe umenewu munabadwa mabungwe aubale a skapulari, amene sankafuna malonjezo olemera ngati a chigawo chachitatu, ndipo n'chifukwa chake anafalikira mofulumira kwambiri. Kusiyana kumeneku kulipobe mpaka lero, ngakhale kuti ovala skapulari ambiri sakuzindikira: wa chigawo chachitatu amaphunzitsidwa kwa zaka zingapo ndi kuchita lonjezo poyera, pamene wovekedwa skapulari chabe ubale wake ndi chipani umakhala wapatali ndithu.

Mwa maskapulari onse, yotchuka kwambiri ndi yofiirira ya chipani cha Karimeli. Chipanichi chinayamba ndi amuna ochokera ku Ulaya amene, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, anakakhala moyo wodzipatula pa phiri la Karimeli, pafupi ndi kasupe wodziwika ndi dzina la mneneri Eliya, namangapo katchalitchi kolemekeza Maria. Albert, mkulu wa Mpingo ku Yerusalemu, anawalembera lamulo pakati pa 1206 ndi 1214, koma nkhondo zolimbirana Dziko Loyera zitakula, anayamba kubwerera ku Ulaya, ndipo mu 1242 anafika ku England. Kumeneko anali alendo opanda mwini. Analibe woyambitsa wotchuka ngati Francis kapena Dominic, chofunda chawo chamizeremizere chinkasekedwa mpaka anachisintha kukhala choyera mu 1287, ndipo msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Lyon mu 1274, umene unathetsa zipani zingapo zopemphapempha, unasiya tsogolo lawo lili lendelende. Gulu lokhala m'mantha otere linali ndi chifukwa chokwanira chotsindikira kuti mwini wake ndi Maria ndipo kuti chovala chake n'chochokera kwa iye.

Mwambo wa chipanichi umati pa 16 Julayi 1251, Maria anaonekera kwa Simon Stock, Mngelezi amene anali mkulu wa chipani, atanyamula skapulari m'manja, ndipo analonjeza kuti aliyense womwalira ataivala adzapulumuka. Akatswiri a mbiri, kuphatikizapo a m'chipani cha Karimeli momwemo, anapeza kuti nkhaniyi siipezeka m'zolemba za nthawi ya Simon Stock, amene anamwalira ku Bordeaux mu 1265, koma imayamba kuoneka patadutsa zaka zoposa 100, m'mindandanda ya oyera a chipanicho. Chikalata china chimene chinatulutsidwa mu 1642, chonenedwa kuti chinalembedwa ndi mlembi wake wa Simon, ndicho chinabweretsa tsiku ndi malo ake, koma chinapezeka kuti n'chopeka. Chofunika kuchizindikira n'chakuti m'zolemba zoyambirirazo lonjezo linkapita kwa mamembala a chipani, ndipo kumwalira utavala skapulari kunkatanthauza kupirira m'malumbiro ako mpaka imfa osathawa m'chipani. Lonjezolo litasamukira pa kansalu ka munthu wamba, tanthauzo lake linapendekeka, moti ena anayamba kuganiza kuti nsaluyo payokha ndiyo imatseka chipata cha moto.

Nkhani inanso imene inakometsa skapulari kwa anthu inali ya chikalata chonenedwa kuti chinalembedwa ndi Papa John XXII mu 1322, chimene chinkati Maria adzatsikira ku Purigatoriyo, malo oyeretsera mizimu ya omwalira isanalowe kumwamba, Loweruka loyamba munthu atamwalira, kukatulutsa ovala skapulari. Chikalatachi sichipezeka m'kaundula wa Papayo ndipo akatswiri amagwirizana kuti si chake. Mu 1613, m'nthawi ya Papa Paul V, likulu la Mpingo ku Rome linalola a Karimeli kuphunzitsa kuti Maria amathandiza ndi mapemphero ake mizimu ya amene anavala skapulari, nasunga chiyero choyenera moyo wawo, napemphera ndi kusala, koma linaletsa zithunzi zoonetsa Maria akutsikira ku Purigatoriyo. Chigamulochi chinali chanzeru ndi chosamala, koma maulaliki ndi timabuku tamapemphero tinapitirizabe kunena za Loweruka lija kwa zaka mazana atatu, pakuti lonjezo lokhala ndi tsiku lake limalowa m'makutu msanga kuposa chiphunzitso cha kupirira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1500 skapulari yofiirira inafalikira ku Italy, Spain, Portugal ndi m'mayiko a ku America amene ankalamulidwa ndi mayiko awiri omalizawa, ndipo mu 1726 Papa Benedict XIII analamula kuti chaka cha Maria wa ku phiri la Karimeli chizikumbukiridwa pa 16 Julayi mu Mpingo wonse wa mwambo wa Chilatini. Zipani zina zinali ndi zawo: yoyera yokhala ndi mtanda wofiira ndi wobiriwira ngati thambo ya chipani cha Utatu Woyera, yakuda yokumbutsa masautso asanu ndi awiri a Maria, yabuluu, ndi yofiira ya masautso a Yesu imene inavomerezedwa mu 1847. Ena ankasokerera zisanu pa zingwe zimodzi.

Ku Africa skapulari inabwera m'masutikesi a amishonale, amene ankaipereka kwa obatizidwa kumene pamodzi ndi kolona, ndipo m'malo ambiri inali chizindikiro choyamba chooneka chakuti munthu ndi Mkatolika. Ulemu umene akhristu oyambawa ankaipatsa umaoneka bwino m'mbiri ya Isidore Bakanja, mnyamata wa ku Congo amene anabatizidwa mu 1906 ku Coquilhatville, mzinda umene lero ndi Mbandaka, ataphunzitsidwa ndi amonke a chipani cha Trappist. Bakanja anakagwira ntchito pa esiteti ya kampani ya Azungu a ku Belgium yosonkhanitsa mphira, kumene mkulu wa pamalopo ankadana ndi amishonale chifukwa ankaulula nkhanza zochitira antchito. Mzunguyo anamulamula kuti avule skapulari ndi kuleka kuphunzitsa anzake mapemphero, ndipo atakana, mu 1909, anamukwapula ndi chikoti chokhala ndi misomali mpaka msana wonse unasanduka chilonda, kenaka n'kumumanga unyolo. Anamwalira ndi mabalawo pa 15 Ogasiti chaka chomwecho atanena kuti wamukhululukira womuzunzayo, ndipo Papa John Paul II anamutcha Wodala pa 24 Epulo 1994, m'kati mwa msonkhano wa maepiskopi wokambirana za Africa. Kansaluko sikanamuteteze Bakanja ku chikoti, ndipo iye sanayembekezere kuti kamuteteza. Anakana kukavula chifukwa kukavula kukanakhala kukana ubatizo wake pamaso pa antchito anzake.

Mfundo imeneyi ndi yofunika m'dera lino, kumene chithumwa, mphinjiri ndi mkuzi womangira mwana m'chiuno n'zodziwika kuyambira kale, ndipo kansalu kosokedwa kolendewera m'khosi sikasiyana kwambiri ndi zimenezi pamaonekedwe. Amishonale ena, pouza anthu kuti ataye zithumwa n'kuwapatsa mendulo ndi skapulari m'malo mwake, anathandizira okha chisokonezocho, ngakhale kuti ndi bwino kukumbukira kuti mlimi wa ku Italy kapena ku Ireland nayenso ankaiona skapulari ngati chotchinjiriza ku ngozi ya madzi ndi mphezi. Chiphunzitso cha Mpingo chimati skapulari ili m'gulu la zizindikiro zopatulika zimene si masakramenti, zomwe zilibe mphamvu mwa izo zokha koma zimadalira pemphero la Mpingo ndi mtima wa munthu. Imasiyananso ndi yunifolomu za mabungwe a amayi, zija za bulauzi, duku ndi chitenje zimene zimakongoletsa Misa ndi maliro m'Malawi ndi m'Zambia, pakuti yunifolomu imaonetsa bungwe la m'parishi pamene skapulari imalumikiza munthu ndi chipani. A Karimeli enieniwo anafika mochedwa kuno: ochokera ku Ireland anayamba ntchito m'dera la Mutare ku Zimbabwe mu 1946, ndipo m'Malawi nthambi ya chipanichi yotsata Teresa wa ku Avila ndi John wa Mtanda imadziwika ndi parishi ya Kapiri ku Mchinji komanso nyumba ya mbindikiro ya ku Nyungwe.

Nyengo ya kumayiko otentha inasinthanso malamulo. Skapulari inkayenera kukhala ya ubweya wankhosa, umene umayabwa ndi kuwola msanga ndi thukuta, ndipo mu 1910 Papa Pius X analola kuti amene wavekedwa kale azivala mendulo m'malo mwa nsalu, yokhala ndi chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu mbali imodzi ndi cha Maria mbali inayo.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unatha mu 1965, utachenjeza za kukokomeza pa nkhani za Maria, zipani zinaunikanso miyambo yawo. Papa Paul VI anavomereza lamulo latsopano la chigawo chachitatu cha Francis mu 1978, ndipo m'mayiko ambiri mamembala ake tsopano amavala mtanda wooneka ngati chilembo cha T m'malo mwa skapulari ndi chingwe cha m'chiuno. Ku mbali ya Karimeli, mwambo watsopano wodalitsa ndi kuveka skapulari unavomerezedwa mu 1996, ndipo mafotokozedwe ake amatsamira pa kulowa m'banja la Karimeli ndi kutsanzira Maria pomvera Mawu a Mulungu, osati pa masomphenya kapena pa Loweruka lija. Papa John Paul II, amene anavekedwa skapulari ali mwana ku Wadowice m'dziko la Poland, analembera akuluakulu a nthambi ziwiri za chipanichi mu 2001, pokumbukira zaka 750 za mwambowu, ndipo anatsindika kuti skapulari kwenikweni ndi mkanjo, choncho woivala ayenera kukhala ndi moyo wolingana nawo. Malamulo a mwambowu amatsata ganizo lomwelo ngakhale pa zinthu zazing'ono. Munthu amavekedwa kamodzi kokha pa moyo wake, kawirikawiri ndi wansembe kapena dikoni, ndipo pa mwambowo pamafunika skapulari yansalu, osati mendulo. Kansaluko kakatha kapena kakatayika, mwini wake amangopeza kena n'kuvala popanda kukadalitsanso, chifukwa dalitso ndi kulandiridwa m'banja la chipani zinaperekedwa kwa munthuyo pa tsiku limene anavekedwa.