Gitala Laukali la Paul Ngozi

M'midzi ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mnyamata akafuna banjo sadikira ndalama za kusitolo. Amatola chigubu, chikopa cha mbuzi ndi mawaya, nasema mtengo, ndipo pofika madzulo nyimbo yayamba. Mtima womwewu, woimba ndi chimene chilipo, ndiwo unabala nyimbo za garage rock ku Amereka, chamba cha anyamata ophunzirira kuimba m'magalaja a makolo awo.

M'chaka cha 1965 anyamata asanu a mumzinda wa Tacoma, otchedwa The Sonics, anatulutsa chimbale chawo choyamba, Here Are The Sonics. Chinajambulidwa ndi zipangizo zochepa, gitala likulira mosasa, woimba akukuwa ngati munthu amene waona moto padenga. Sichinagulidwe kwambiri kunja kwa dera lawo, koma chinaonetsa kuti nyimbo ingathe kugwira mtima popanda kusalala. Mu 1969 gulu la The Stooges linatsata njira yomweyo, ndipo pamene nyimbo za punk zinabuka ndi magulu a Ramones ku New York mu 1976 ndi Sex Pistols ku London, achinyamata anaona kuti safunika sukulu ya nyimbo kuti amveke. A Sex Pistols anafika pojambulanso nyimbo ya The Stooges yotchedwa No Fun.

Koma moto umenewu sunayake kwa Azungu okha. M'chaka chomwecho cha 1976, ku Zambia, gulu la Ngozi Family linatulutsa chimbale chotchedwa Day of Judgement. Mtsogoleri wake anali Paul Nyirongo, amene anthu anamudziŵa ndi dzina loti Paul Ngozi, ndipo ng'oma ankaimba ndi Chrissy Zebby Tembo. Gitala la Ngozi linkadutsa m'kachipangizo kolisasitsa mawu, nyimbo zake zinali zaphokoso ndi zosakometsera, ndipo pa zimbale zake ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja za mavuto a anthu wamba a m'makomboni a Lusaka.

Nkofunika kunena zoona pano. Anyamata a ku London sanaphunzire kwa Ngozi, ndipo iye sanatengere kwa iwo. Mphunzitsi wake wamkulu anali Jimi Hendrix, amene anamwalira mu 1970. Mitsinje iŵiriyi inachokera ku kasupe mmodzi, niyenda m'zigwa zosiyana. Chimene chinakuza chamba cha ku Zambia, chotchedwa Zamrock, ndi lamulo la Pulezidenti Kenneth Kaunda la pakati pa zaka za m'ma 1970, loti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zomveka pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Magulu monga WITCH, Amanaz ndi Musi-O-Tunya anapeza omvera ambiri nthaŵi imeneyo.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, chuma cha Zambia chinayamba kufooka, ndipo anthu anasoŵa ndalama zogulira zimbale. Nyimbo za disko ndi kalindula zinalanda mabwalo, kenaka matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40, ndipo zimbale zake zinatsala m'mabokosi, zikudya fumbi.

Komabe mbewu yogwera m'nthaka imadikira mvula. Patapita zaka zoposa makumi aŵiri, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kusindikizanso nyimbo za Zamrock, ndipo okonda punk ku Ulaya ndi ku Amereka anadabwa kumva ukali umene ankauyesa wawo ukuchokera ku Lusaka. Mu 2024 woimba wa ku Amereka, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977, nachiika m'nyimbo yake, Noid. Motero Chinyanja chinamveka m'makutu a anthu amene sanaondeko dziko la Zambia.

Nyimbo za Ngozi zinapulumuka chifukwa zinajambulidwa, ndipo ena anasunga zimbale zake. Mnyamata wa banjo wa ku Mponela kapena ku Malomo alibe mwayi umenewo ngati palibe womujambula. Waya wake ukaduka, iye nakalamba, nyimbo yake idzatsala m'makutu a okhawo amene anavina pabwalo usiku umenewo.